Fungo la petulo m'galimoto yakale: kufufuza pamene mafuta akudonthera ndi kukonza moyenera

Munthu amene amayendetsa galimoto yakale amazolowera zinthu zambiri: chitseko chimene chimafuna kuchimenyetsa kawiri kuti chitsekeke, galasi limene silitsika, kaphokoso kapansi kamene kamabwera n'kusiya kokha. Fungo la petulo siliyenera kulowa m'gulu la zozolowereka zoterezi, ngakhale kuti ndamvapo eni magalimoto ambiri akunena kuti galimoto yokalamba imanunkha choncho basi. Njira imene mafuta amadutsa kuchokera m'thanki kukafika mu injini inapangidwa kuti ikhale yotsekeka paliponse, kotero kuti petulo akamveka m'mphuno ndiye kuti penapake patseguka. Chovuta n'chakuti malo amene anyowa nthawi zambiri si amene abooka, ndipo anthu ambiri amataya ndalama posintha paipi yabwinobwino, yowonongekayo n'kuisiya ili pomwepo.

Musanagwire sipanala, ndi bwino kudziwa kuti chimene chimayaka si petulo wamadziyo koma nthunzi yake. Petulo amatulutsa nthunzi yotha kuyaka ngakhale kutazizira kufika madigiri 40 pansi pa ziro, choncho kuno kwathu palibe tsiku limene munganene kuti kwazizira mokwanira, ngakhale m'mawa wa mu June ku Dedza. Nthunziyi imalemera kuposa mpweya katatu kapena kanayi, ndipo m'malo mouluka imatsikira pansi n'kuyenda ngati madzi, n'kukadikha m'dzenje limene amakaniko amalowamo pokonza galimoto kunsi. Ikasakanikirana ndi mpweya pa mlingo wa pakati pa 1.4 ndi 7.6 pa 100 iliyonse, kamoto kakang'ono kothetheka pa waya ndi kokwanira. M'magalaji ambiri a m'mataunimu mumapeza wina akuwotcherera ekizozi pamtunda wa mapazi khumi, wina akuphika nsima pa mbaula kuseri kwa galimoto ina, ndipo malo oterowo si oyenera ntchito imeneyi. Galimoto ikhale pabwalo popita mphepo, injini itazizira, pafupi pali chozimitsira moto chaufa kapena ndowa ya mchenga, chifukwa madzi amangowanditsa moto wa petulo. Powunikira gwiritsani ntchito tochi, osati babu lolumikizidwa ku magetsi limene likhoza kusweka likagwa.

Kuti nkhaniyi imveke bwino ndigwiritsa ntchito galimoto imene ambiri timaidziwa, Toyota Corolla ya zaka za m'ma 1990, monga AE100 ndi AE110 zokhala ndi injini ya 5A-FE, kapena AE101 ndi AE111 za injini ya 4A-FE, zimene zinabwera zambiri kuchokera ku Japan ndipo zina zikuyendabe ngati matakisi. Pansi pa galimoto yotere pamadutsa mapaipi achitsulo atatu ogundizana, ndipo munthu amene sadziwa ntchito ya iliyonse amasochera msanga. Yoyamba imatenga petulo kuchokera ku pampu ya magetsi imene ili m'kati mwa thanki, kudutsa pa filita, kukafika pa kanjira kachitsulo kamene kamagawira mainjekita anayi, tizida timene timapemerera petulo mu injini. Yachiwiri imabweza m'thanki petulo amene injini sinagwiritse ntchito. Yachitatu simadutsa petulo wamadzi ayi, koma nthunzi yochokera m'thanki, imene imakasungidwa m'kachitini kodzaza ndi makala mpaka injini itaiyamwa n'kuiwotcha. Kumapeto kwa paipi yachitsulo iliyonse kuli kachidutswa ka paipi ya mphira, chifukwa injini imagwedera payokha pamene thupi la galimoto silitero, ndipo chitsulo chokhachokha chikanathyoka.

Kusiyana kwakukulu kwa mapaipiwa kuli pa pulesha. M'paipi yopita ku mainjekita petulo amakankhidwa ndi mphamvu ya pakati pa 265 ndi 304 kPa pa injini zimenezi, kapena kuti pafupifupi 3 bar, imene ikuposa mpweya umene timapopera m'matayala a galimoto yomweyo. Galimoto ya kabuleta, monga ma Corolla ndi ma Datsun akale kwambiri, ili ndi pampu yoyendetsedwa ndi injini imene pulesha yake siifika ndi theka la bar lomwe. Ichi ndi chifukwa chake makaniko amene anaphunzira ntchito pa magalimoto a kabuleta nthawi zina amalakwitsa mosadziwa: kachidutswa ka paipi ndi kilampu zimene zinkakhala zaka zisanu pa kabuleta zimatha kulephera m'miyezi yowerengeka pa galimoto ya mainjekita. Kabowo kamene pa kabuleta kakanangonyowetsa paipi, apa kamapemerera petulo ngati utsi, ndipo nthawi zina kamalozera ku ekizozi yotentha.

Kufufuza kumayamba ndi funso losafuna chida chilichonse, lakuti fungolo limamveka nthawi yanji. Likamamveka pokhapokha mwadzaza thanki, n'kumachepa mafuta akatsika, kayang'aneni kumbuyo: paipi yaikulu ya mphira yolumikiza pothirira mafuta ndi thanki, kapena gasiketi ya pamene pampu imalowera m'thanki, imene pa Corolla mumaifikira pochotsa mpando wakumbuyo ndi kachivundikiro kachitsulo. Pamenepa ndionjezepo chizolowezi chimene chimakula nthawi imene mafuta akusowa, chogwedeza galimoto pa filingi siteshoni kuti mulowe lita ina. Petulo wowonjezerayo amalowa m'paipi ya nthunzi n'kukanyowetsa makala aja, ndipo galimoto imanunkha kwa masiku ngakhale kuti palibe pamene pabooka. Fungo likamamveka injini ikulira n'kusiya mukazimitsa, vuto lili pa paipi ya pulesha kapena yobweza. Likamamveka m'mawa poliza koyamba n'kutha injini ikatentha, kayikirani timphira tozungulira ta pa mainjekita, timene tikakalamba timauma n'kufupika kukazizira, n'kufufuma pang'ono tikatenthedwa.

Pali chizindikiro china chimene anthu sachigwirizanitsa ndi kudontha kwa mafuta. Pulesha imayenera kutsala m'paipi kwa nthawi ndithu injini itazimitsidwa, kuti podzalizanso igwire msanga. Galimoto imene kale inkalira mukangopotokola kiyi, koma tsopano imayamba yazungulira nthawi yaitali ikakhala maola angapo, ikutaya pulesha penapake. Mwina ikutayira kunja, kumene mungaone, kapena m'kati, kudzera pa injekita yosatseka bwino kapena pa valavu ya m'pampu. Chida chowongolera pulesha, chimene chili kumapeto kwa kanjira ka mainjekita, chili ndi kapaipi kakang'ono kolumikiza ku manifodi, njira imene mpweya umadutsa polowa mu injini, ndipo m'kapaipi kameneka muyenera kukhala mouma nthawi zonse. Mukakazula n'kupezamo petulo, ndiye kuti kamphira ka m'kati mwa chidacho kang'ambika, ndipo injini ikumwa mafuta amene simudzawaona atadontha pansi.

Tsopano tifike pa kuyang'ana ndi maso. Petulo amauma msanga, kotero kuti kudontha kwakung'ono sikusiya chithaphwi, koma fumbi la m'misewu yathu limatithandiza pamenepa. Pansi pa galimoto imene imayenda mumsewu wafumbi pamakhala pofiirira paliponse mofanana, ndipo malo amene mafuta amatulukira amaoneka mosiyana: pamakhala chigamba chakuda cha fumbi lomatirira ngati phala, kapena kamzere koyera ngati patsukidwa. Mukapeza chizindikiro chotere musafulumire kunena kuti mwapeza bowo. Mafuta amatsetsereka motsatira paipi mpaka pamalo otsikitsitsa, ndipo galimoto ikamathamanga mphepo imawakankhira kumbuyo, choncho gwero lake limakhala pamwamba ndi kutsogolo kwa pamene panyowa. Tsukani malo onsewo, muwaumitse, kenako muwaze ufa woyera pang'ono kapena choko chopera pa zolumikizira zonse zimene mukuzikayikira. Pamene ufawo uyambe kuda ndi pomwe pali vuto.

Kuti mafuta atuluke pamafunika pulesha, ndipo ndi bwino kuipeza injini isakulira, kuti pasakhale kutentha kapena moto wa mapulagi. Magalimoto ena amayendetsa pampu kwa masekondi awiri mukangotsegula kiyi, koma ma Toyota ambiri a nthawi imeneyo satero, pampu imadikira kuti injini izungulire. M'malo mwake, pansi pa boneti pali kabokosi kakang'ono kolembedwa kuti DIAGNOSIS, ndipo kunsi kwa chivundikiro chake kuli chithunzi chosonyeza dzina la kabowo kalikonse. Mukalumikiza ka +B ndi ka FP ndi kawaya kafupi n'kutsegula kiyi osaliza injini, pampu imayamba kuyenda ndipo mumamva mafuta akusokosera pobwerera m'thanki. Muyenera kuwerenga chithunzicho mosamala musanalowetse wayayo, popeza kulumikiza mabowo olakwika kumapsereza zinthu zodula. Pampu ikuyenda choncho, yendani ndi tochi kuchokera kuthanki mpaka ku mainjekita, mukukhudza cholumikizira chilichonse ndi kapepala koyera kofewa, ndiponso mukupinda pang'ono paipi ya mphira iliyonse, chifukwa ming'alu ina imatseguka pokhapokha paipi ikagwedezeka ngati mmene imachitira pamsewu.

Mukapeza malowo, musamasule chilichonse pulesha idakalimo. Zulani pulagi ya magetsi a pampu pansi pa mpando wakumbuyo, lizani injini mpaka izime yokha, tsegulani chitsekerero cha thanki kuti mpweya utuluke, kenako chotsani waya wa negetivu pa batire. Ngakhale mutatero, petulo wina amatsalabe m'paipi, choncho kulungani nsalu pa cholumikizira chimene mukumasula ndipo nkhope ikhale patali.

Malo amene amadontha kawirikawiri pa magalimoto amenewa ndi pa filita, ndipo kudonthako kumayamba filita itangosinthidwa kumene. Pamwamba pa filita pali bawuti yobooka m'kati imene imadutsa m'kamphete kachitsulo ka paipi, ndipo chimene chimatseka mafuta pamenepo ndi mawashala awiri ofewa, a kopa kapena aluminiyamu, ina pamwamba pa kampheteko ndipo ina pansi. Washala yotere imagwira ntchito pophwanyika pang'ono ikamangidwa, n'kudzaza timikwingwirima ta pachitsulo. Ikaphwanyika kamodzi imauma, ndipo ikabwezeretsedwa siiphwanyikanso. Makaniko amene wabwezeretsa zakalezo akaona kuti pakunyowa amawonjezera mphamvu pa sipanala, koma bawutiyo ndi yobooka, ndipo imatha kuduka. Mlingo wake womangira ndi 29 N·m, umene si wochuluka, ndipo mankhwala enieni a kudonthaku ndi mawashala atsopano a saizi yoyenera. Mukakhala kutali ndi sitolo, washala ya kopa imatha kufewetsedwanso poiwotcha mpaka ifiire n'kuisiya izizire, koma ntchito imeneyo ichitikire kutali kwenikweni ndi galimotoyo, ndipo washala ya aluminiyamu musaiyese chifukwa imasungunuka isanafiire.

Pansi pa filita pali cholumikizira cha mtundu wina, chimene chimavutitsa anthu kwambiri. Mapeto a paipi yachitsulo anawatambasula ngati kamwa la lipenga, ndipo nati imakanikiza kamwalo pa mpando wosongoka wa m'filita, chitsulo kukhudzana ndi chitsulo. Mazinga a natiyo satseka mafuta, ntchito yake ndi kukanikiza basi, ndipo ichi ndi chifukwa chake tepi yoyera ija ya mapulambala siithandiza kanthu pamenepa, koma tizidutswa take tikhoza kulowa n'kukatseka mainjekita. Nati imeneyi imamatirira kwambiri pakapita zaka, ndipo sipanala wamba yotseguka kukamwa imangoiperesa mpaka kukhala yobulungira. Pamafunika sipanala yapadera ya mapaipi, yokhala ngati mphete yodulidwa pang'ono kuti idutse pa paipi n'kugwira natiyo mbali zisanu, ndipo ina igwire filita kuti paipi isapotoke. Pomanga, yambani ndi zala kwa mazinga angapo filita isanamangidwe pa bulaketi yake, kuti nati ilowe mowongoka. Ikalowa mokhota, kapena kamwa la paipi likang'aluka, kumanga kwina kulikonse kumangowonjezera vuto.

Mapaipi a mphira ndiwo ayenera kukambidwa motalikirapo, chifukwa pamenepa dziko lathu lili ndi mbiri yakeyake. Malawi anayamba kusakaniza ethanol mu petulo mu 1982, pamene fakitale ya Ethanol Company inatsegulidwa ku Dwangwa, ndipo mu 2004 ya PressCane inayamba ntchito ku Chikwawa. Onsewa amapanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo mlingo wosakaniza wakhala ukusinthasintha pakati pa 10 ndi 20 pa 100 iliyonse. Ndondomekoyi imapulumutsa ndalama zakunja, koma mphira wa m'magalimoto opangidwa zaka 30 zapitazo kuti akayende ku Japan sanakonzedwere mafuta otere. Ethanol amalowerera mu mphira wakale, amautupitsa, amasungunula zinthu zimene zimaufewetsa, ndipo ukauma umakhala wolimba ndi wong'aluka. Kuwonjezera apo, ethanol amakoka chinyezi, ndipo madzi akadikha m'thanki kapena m'paipi ya galimoto yoimikidwa nthawi yaitali amayambitsa dzimbiri kuchokera m'kati. Petulo wa m'zigubu, amene ambiri timagula mafuta akasowa, amawonjezera madzi ndi zinyalala pa vuto lomweli.

Paipi ya mphira imawonongeka m'njira ziwiri, ndipo zala zimazindikira bwino kuposa maso. Ina imauma ngati nkhuni, ndipo mukaipinda mumaona timing'alu tambirimbiri, makamaka kumapeto pafupi ndi kilampu. Ina imafewa ngati nthochi yakupsa, imatupa, ndipo kunja kwake kumachita thukuta la mafuta popanda bowo looneka. Ndinaonapo yotere pa Corolla ya mnansi wanga, patangopita miyezi itatu ataisinthitsa. Kunja inali yakuda bii, yonyezimira ngati yatsopano, koma titaichotsa n'kuicheka m'litali, m'kati mwake munali mutasanduka phala lakuda lomata m'zala, ndipo ulusi wolimbitsa unali utalekana ndi mphira. Pa paipiyo panalibe chilembo chilichonse. Inali paipi ya madzi kapena ya mpweya imene wogulitsa anaidula pa mkukutu n'kunena kuti imagwira ntchito paliponse, ndipo mwini galimoto analibe chifukwa chomukayikira, popeza kukula kwake kunali kofanana ndi yakale.

Paipi yeniyeni ya mafuta imakhala ndi malemba m'mbali mwake, ndipo malembawo ndiwo muyenera kuwerenga musanapereke ndalama. Muyezo umene umapezeka kwambiri ndi wa SAE J30, wotsatiridwa ndi chilembo R ndi nambala. Yolembedwa R6 kapena R7 ndi ya pulesha yochepa, yoyenera kabuleta ndi paipi ya nthunzi, ndipo sinapangidwire mbali ya mainjekita. Ya R9 ili ndi chikopa cham'kati cha mphira wapadera amene amapirira ethanol, ndipo imanyamula pulesha yoposa kawiri imene injini ya Corolla imafuna. Ya R10 ndi imene imaikidwa m'kati mwa thanki, pakati pa pampu ndi chivundikiro, chifukwa imapirira mafuta kunja ndi m'kati momwe. Ya R9 ikamizidwa m'thanki chikopa chake chakunja chimasungunuka, galimoto n'kuyamba kufooka pokwera mtunda popanda dontho lililonse looneka. Malangizo anga ndi akuti pa galimoto yoyendera petulo wa kuno muike R9 paliponse kunja kwa thanki, ngakhale pa paipi yobweza mafuta pamene R7 ikanakwanira, chifukwa tizidutswa take ndi tatifupi ndipo kusiyana kwa mtengo sikufika pa mtengo wobwereza ntchito. Kukula kwa bowo la m'kati kuyenera kufanana ndi paipi yachitsulo, kumene nthawi zambiri ndi mamilimita 8 kapena 6. Paipi yaikulu siingachepetsedwe ndi kilampu, imangokwinyika n'kusiya kanjira kodutsa mafuta.

Makilampu nawo ali ndi nkhani yawo. Kilampu wamba yomangira ndi sikuludiraiva, ija yokhala ndi timabowo m'lamba wake, imaluma mphira, ndipo pa paipi yaying'ono siikhala yobulungira bwino, kotero kuti pansi pa sikulu pamatsala malo osakanikizika. Ya mapaipi a mainjekita ili ndi lamba wosalala wopindika m'mphepete ndi kabawuti kokoka mbali ziwiri. Makilampu a sipuling'i amene anabwera ndi galimoto amakhala abwino ngati sanachite dzimbiri, chifukwa amatsatira mphira ukamafupika, choncho musawataye pongoona kuti ndi akale. Kilampu ikhale kuseri kwa kamtumbira ka kumapeto kwa paipi yachitsulo, osati pamwamba pake. Za waya wopotokola ndi pulayala kapena mphira wa chubu cha njinga, zimene timaziona kawirikawiri, ndinganene kuti zikhoza kukufikitsani pa galaji ngati galimoto ndi ya kabuleta, koma mphira wa chubu amasungunuka mu petulo, ndipo pa pulesha ya 3 bar sindingalole mwana wanga kukwera galimoto yomangidwa motero. Dziwaninso kuti paipi ya pakati pa filita ndi mainjekita inafinyiridwa ku zitsulo zake ku fakitale, ndipo njira yabwino ndi kuisintha yonse.

Mapaipi achitsulo a pansi amawonongeka ndi zinthu ziwiri, dzimbiri ndi kukhulika. Magalimoto ochokera kumadera a chipale chofewa ku Japan, kumene amathira mchere m'misewu, amafika atayamba kale dzimbiri, ndipo limabisala pansi pa tizipanizo tapulasitiki timene timagwira mapaipi, pomwe matope amakhala osauma. Mahampu ndi miyala ya m'misewu yakumudzi zimaphwanya mapaipi kapena kuthyola tizipanizoto, paipi n'kuyamba kukhulana ndi chitsulo china mpaka kubooka. Mukapeza kabowo kamodzi ka dzimbiri, yang'anani paipi yonse, pakuti kawirikawiri pamakhala pena pamene patsala pang'ono, ndipo yang'ananinso mapaipi a mabuleki amene amadutsa pomwepo ndipo ndi a msinkhu womwewo. Kudula pobookapo n'kulumikiza ndi mphira pa chitsulo chosalala n'koopsa, chifukwa popanda kamtumbira kumapeto pulesha imavula mphirayo pang'onopang'ono. Paipi ya kopa weniweni nayonso si yabwino, imauma ndi kugwedera n'kung'aluka. Yoyenera ndi yachitsulo kapena ya kopa wosakaniza ndi nikelo. Kuwotcherera paipi kapena thanki imene munali petulo kwapha anthu, ngakhale thanki itaoneka youma, chifukwa thanki yopanda mafuta ndiyo yodzaza nthunzi.

Magalimoto a kuyambira cha m'ma 2000, monga Corolla ya NZE121 ya injini ya 1NZ-FE, imene nayonso yakalamba tsopano, anasintha zambiri. Filita ndi chowongolera pulesha zinalowa m'thanki, paipi yobweza mafuta inachotsedwa, ndipo m'malo mwa manati munabwera mapaipi apulasitiki olimba okhala ndi zolumikizira zongokankha. M'kati mwa cholumikizira chotere muli timphira tozungulira timene timatseka mafuta, ndi kachipanizo kapulasitiki kamene kamagwira paipi kuti isavuke. Mdani wake ndi mchenga ndi sikuludiraiva. Musanachivule tsukani fumbi lonse, kankhirani paipi m'kati pang'ono, finyani timakutu take ndi zala, kenako kokani mowongoka. Pobwezeretsa muyenera kumva kulira kwa kachipanizo kakugwira, kenako mukoke mwamphamvu kuti mutsimikize. Chikathyoka khutu, musachimange ndi waya, ndipo paipi yapulasitiki ikapindika mpaka kuyera pamalo opindikawo ndiye kuti yatha ntchito.

Timphira ta mainjekita timafuna dzanja lofatsa. Tiyenera kukhala tatsopano ndiponso topangidwira petulo, osati tochokera m'bokosi la timphira ta mipope ya madzi. Pakani petulo pang'ono pa kamphirako musanalowetse injekita, muilowetse mukuipotoza uku ndi uku, ndipo mukamanga kanjira ka mafuta yesani kuizunguza ndi zala. Ikamazungulira mosavuta ndiye kuti kamphira kakhala bwino, koma ikalimba ndiye kuti kapanikizika kapena kadulidwa, ndipo muyenera kuyambiranso.

Eni magalimoto a dizilo, monga Hilux ndi Hiace za injini ya 2L, 3L kapena 5L, amakumana ndi vutoli mwa njira yotembenuka. Pa injini zimenezi pampu ili kutsogolo ndipo imayamwa mafuta kuchokera kuthanki, choncho mng'alu wa pa paipi sutulutsa dizilo koma umalowetsa mpweya. Galimoto imavuta kulira m'mawa, imafuna kupopa kapampu ka pamwamba pa filita, koma pansi pamakhala pouma. Njira yopezera ndi kuika kwa kanthawi kachidutswa ka paipi yoonekera m'kati pakati pa filita ndi pampu, n'kuona ngati mukudutsa thovu, kenako n'kumakasunthira kumbuyo mpaka thovulo litasiya. Timapaipi tating'ono tobweza dizilo kuchokera ku mainjekita nato timauma n'kuchucha. Pa injini za dizilo zatsopano pulesha ya m'mapaipi achitsulo imaposa 1,000 bar, ndipo mafuta otuluka pa kabowo amaboola khungu, choncho kufufuza ndi chala injini ikulira n'koletsedwa.

Ntchito ikatha, kuyesa kumatsata ndondomeko yomwe ija ya pofufuza. Bwezerani pulagi ya pampu ndi waya wa batire, pukutani paliponse pamene panagwera petulo ndipo mudikire paume, wazani ufa pa zolumikizira zimene mwagwira, kenako yendetsani pampu injini isakulira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Pakakhala pouma, chotsani kawaya ka m'kabokosi kaja, lizani injini mpaka itenthe, yendani mtunda pang'ono mumsewu wa mabampu, n'kuyang'ananso. Dontho limodzi pa sekondi ndi madontho 3,600 pa ola, ndipo kunyowa kumene kukuoneka kochepa lero kumakula mphira akamakhazikika, n'chifukwa chake makilampu omangira ndi bawuti ayenera kuonedwanso pakatha sabata imodzi. Usiku woyamba yalani katoni youma pansi pa galimoto, kuyambira pa injini mpaka pa thanki, ndipo m'mawa muinunkhize musanalize injini. Nsalu zonse zimene zanyowa ndi petulo muziyanike panja, kutali ndi khitchini, mpaka fungo lithe.